Chatsitsa Dzaye: Kulipira Chindapusa Kapena Kuchita Apilo?

Pa miyambi yonse imene akuluakulu ankaigwiritsa ntchito pa bwalo la milandu, ulipo umodzi umene unkamveka pafupifupi pa mlandu uliwonse: "Umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga." Dzaye ndi chipatso cha m'tchire cha chigoba cholimba. Njovu ikapezeka ndi mnyanga wothyoka, munthu wopupuluma amaloza dzaye limene lili pansi n'kunena kuti nkhani yatha. Wodekha amakweza maso kumtengo n'kufunsa ngati dzayelo lagwa ndi mphepo, kapena ngati munali pusi m'nthambi. Mwambiwu umaphunzitsa kuti mlandu sauyambira kumapeto, ndiponso kuti munthu asalangidwe asanafotokoze gwero la zimene zachitika.

Komabe akuluakulu omwewo adasiyanso miyambi ina yokokera kwina. Ankati, "Madzi akatayika saoleka." Ankatinso, "Fisi akagwa m'mbuna salankhula," ndiponso, "Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo." Adzukulu ambiri amaganiza kuti miyambi yonse imaloza njira imodzi, koma sizili choncho ayi. Wina umati limbikira, wina umati zisiye, ndipo nzeru ya munthu imaonekera pa kudziwa mwambi woyenera tsikulo. Mkulu wina wa m'chigwa cha Domasi adakumana ndi mayeso otere chifukwa cha chindapusa chimene adalamulidwa pa siteshoni ya sitima ya pamtunda. Koma kuti nkhani yake imveke bwino, mpofunika kuyamba ndi mmene makolo ankachitira munthu akapanda kukhutira ndi chigamulo.

Mlandu wa m'mudzi unkayambira pakhonde, m'manja mwa ankhoswe ndi eni mbumba. Ukakanika pamenepo unkapita kwa nyakwawa, pansi pa mtengo wa kachere kapena wa mango, ndipo eni mlandu ankapereka chabwalo. Wodandaula ankayamba kufotokoza, woyankha mlandu n'kutsatira, kenaka mboni. Nduna zinkafunsa mafunso, ndipo mfumu inkalankhula pomalizira, itamva zonse. Wopezeka wolakwa ankalipira nkhuku ngati mlandu unali waung'ono, kapena mbuzi ngati unali waukulu. Amene sadakhutire ankaloledwa kupempha kuti nkhani ipite kwa gulupu, ndipo ikakanikanso kumeneko inkafika kwa mfumu yaikulu, monga kwa Malemia kwa anthu a ku Domasi. Choncho apilo sadabwere ndi azungu. Chachilendo ndi dzina lokha.

Ngakhale njirayo inali yotsekuka, si onse amene ankaidzera, pakuti inali ndi mtengo wake. Wogonja kachiwiri ankatha kulipira zoposa poyamba. Ngakhale wopambana ankabwerera kukakhala m'mudzi womwewo, kumwa pa chitsime chimodzi ndi amene adakangana naye, ndipo tsiku la maliro mfumu imene adaichititsa manyazi ndiyo inkapereka chilolezo cha kumanda. N'chifukwa chake munthu ankayamba wagona nayo nkhani asanapemphe kuipititsa patsogolo.

M'chaka cha 1933 boma la atsamunda lidakhazikitsa lamulo lovomereza mabwalo a mafumu, ndipo zigamulo zawo zidayamba kulembedwa ndi kuunikidwa ndi bwanamkubwa wa boma. Ku Domasi komweko, pa sukulu ya Jeanes imene idatsegulidwa mu 1929, mafumu ankapitako kukaphunzira kayendetsedwe ka madera awo. Zinthu zidasintha kwambiri mu 1969, pamene boma la Dr. Kamuzu Banda lidapatsa makhoti amakolo a m'zigawo mphamvu yozenga milandu ikuluikulu, ndipo m'makhotiwo woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya. Khoti lotere ndilo lidagamula mu 1983 kuti Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera aphedwe. Adachita apilo, koma mu 1984 khoti lapamwamba la makolo lidagwirizana ndi chigamulocho. Chilangocho chidasinthidwa kukhala ukaidi wa moyo wonse, ndipo Orton Chirwa adamwalira m'ndende ya Zomba mu 1992. Mbadwo umene udakula m'zaka zimenezo udaphunzira kuti pepala lochokera ku ofesi silitsutsidwa, ndi kuti wofunsafunsa amadziitanira mavuto. Makhotiwo adatha pamene dziko lidalowa m'ndale za zipani zambiri, koma mantha adatsalira m'mitima ya okalamba ambiri. Mkulu wa ku Domasi uja adali wa mbadwo umenewu.

Mzinda wa Zomba udali likulu la dziko mpaka 1975, koma njanji siidafikeko. Njanji yoyamba idafika ku Blantyre mu 1908, ina idapitirira mpaka ku Salima mu 1935, ndipo mu 1970 idatsegulidwa yochokera ku Nkaya, kudutsa ku Liwonde mpaka ku Nayuchi m'malire ndi Mozambique. Motero munthu wa m'chigwa chimene chili pakati pa phiri la Zomba ndi la Malosa akafuna kuchingamira mlendo wa pasitima, amayenera kuyenda ulendo. Pa siteshoni amakhala mlendo nayenso, wosadziwa bwino malamulo a pamalopo.

Mkuluyu adali ndi kagalimoto kakale ka pikiapu. Kagalimotoko ndiko kankanyamula tomato ndi kabichi wa alimi kupita naye pa Songani ndi mu msika wa Zomba, ndipo usiku kankasanduka ambulansi ya mudzi wonse. Loweruka lina, m'nyengo ya masika, adanyamuka kukachingamira mlongo wake wamasiye amene ankabwerera kwawo atatha kulira maliro a mwamuna wake. Mayiyo adali ndi matumba awiri a mpunga, ndipo miyendo yake idali yotupa kotero kuti sakadatha kuyenda mtunda. Pofuna kumuchepetsera ulendo, mkuluyo adaimika galimoto pafupi ndi chipata, pamthunzi pamene padalinso magalimoto ena. Sitima idachedwa, ndipo iye adadikira mkati mpaka dzuwa kupendeka. Potuluka ndi mlongo wakeyo adapeza tayala lakutsogolo atalimanga ndi chitsulo chokhala ndi loko.

Mnyamata wovala chovala cha oyang'anira malowo adamuyandikira nati, "Madala, pano sipoimika galimoto. Mwaphwanya lamulo."

"Mwana wanga, nanga chikwangwani choletsacho chili kuti?" adafunsa mkuluyo.

Mnyamatayo adaloza kuseri kwa benchi ya amayi ogulitsa nthochi. Chikwangwanicho chidalipodi, koma chidali chitagwa chafufumimba, mtengo wake utadyedwa ndi chiswe. Mkuluyo adayamba kufotokoza za miyendo ya mlongo wake ndi za kuchedwa kwa sitima, koma mnyamatayo adangolemba pepala n'kunena kuti iye si woweruza, ndipo ofesi yolandira ndalama idzatsegulidwa Lolemba. Ndalama imene idalembedwa papepalapo inali yokwana kugula mbuzi yaing'ono. Ali chiimire choncho, munthu wina amene ankangozungulira pamalopo adamunong'oneza kuti, "Achikulire, bwanji mungogula kafanta? Chitsulochi chikhoza kuchoka pompano." Mkuluyo, amene adatumikira zaka zambiri monga mkulu wa mpingo, adangopukusa mutu. Adalonjeza mlonda kangachepe kuti aziyang'anira galimotoyo, nakwera minibasi ndi mlongo wake pamodzi ndi matumba aja.

Usiku umenewo ndi tsiku lotsatira, atabwera ku mapemphero, pakhomo padakhala ngati pabwalo. Ndalama yokhayo imene inali m'nyumba inali fizi ya mdzukulu wawo wamkazi wa Fomu 4, ndipo sukulu inali pafupi kutsegulira.

Mayi wa pakhomopo sadazungulire. "Bambo, lipirani tiiwale," adatero. "Galimoto ikagona kumeneko masiku ambiri mukapeza batire kulibe. Alimi akapeza wina wowanyamulira tomato sabwereranso kwa inu. Nanga wina akadwala usiku uno m'mudzi muno, timunyamula pa chiyani? Madzi akatayika saoleka. Anthu a mu ofesi simungawathe." Mawu ake adali ndi maziko. Kupita ndi kubwerera pa minibasi kawiri kapena katatu kukadadya ndalama yoyandikira chindapusacho, osawerengera masiku otayika pa ntchito.

Mphwake wa mkuluyo, mwana wa mlongo wake uja, amene adaphunzira ku Chancellor College ndipo ankagwira ntchito mu mzinda wa Zomba, adaona mosiyana. "Amalume, musalipire msanga," adatero. "Chikwangwani chogona pansi sichichenjeza munthu. Malamulo aakulu a dziko lino a mu 1994, pa gawo 43, amanena kuti aliyense ali ndi ufulu wochitiridwa mwachilungamo ndi maofesi a boma, ndiponso wopatsidwa zifukwa zolembedwa ngati chigamulo chikukhudza ufulu wake. Aliponso Ombudsman amene ntchito yake ndi kumva madandaulo a anthu oponderezedwa ndi maofesi. Mukangolipira mwakachetechete, mawa agwiranso wina pamalo pomwepo. Paja chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe." Adaonjezanso kuti amalume ake adachita bwino kukana kafanta kaja, pakuti lamulo lothana ndi ziphuphu la mu 1995 limalanga wolandira ndi wopereka yemwe.

Mlongo wake, amene ankadziona ngati gwero la tsokalo, adati agulitse mpunga wake kuti nkhani ithe. Mkuluyo adakana kwamtuwagalu. Mpungawo ndiwo udali chuma chokhacho chimene wamasiyeyo adabwera nacho, ndipo mwini mbumba salipitsa mlongo wake chifukwa chomuchingamira.

Chimene chinkamuvuta mumtima sichidali ndalama yokha. Iye adakhalapo nduna pa bwalo la nyakwawa, ndipo sadaonepo munthu akulamulidwa nkhuku asanapatsidwe mpata wolankhula. Ngakhale wakuba wogwidwa ndi chinangwa m'manja ankafunsidwa chimene chidamutuma. Koma pa siteshoni paja chigamulo chidayamba, mafunso osabwera n'komwe. Mbali inayi, mawu a mkazi wake ankamukumbutsa zaka zija pamene kufunsa kunkatengera munthu kutali. Ankadziwanso kuti mtima wofuna kupambana umabisala mosavuta m'chovala cha chilungamo, ndipo adaonapo amuna amene adagulitsa mbuzi zitatu pofuna kupulumutsa nkhuku imodzi.

Amene adamasula mfundo adali mdzukulu uja, mwini fiziyo, amene ankamvetsera ali chete uku akupeta mpunga. "Agogo," adafunsa, "kodi mukalipira ndiye kuti mwavomera kuti ndinu wolakwa?"

Mkuluyo adakhala kanthawi osayankha. Funsolo lidamukumbutsa za amalume ake a iye mwini, amene mbuzi zawo zidalowa m'munda mwa mnansi iye akadali mnyamata. Monga mwa mwambo, mwini munda adagwira mbuzizo n'kukazimangirira kwa nyakwawa, ndipo sizikadamasulidwa popanda dipo. Amalume akewo ankadziwa kuti amene adatsekula khola adali mwana wa mwini munda yemweyo, koma ankadziwanso kuti mbuzi yomangidwa siidya bwino, ndipo ina inali ndi bere. Adapereka dipolo tsiku lomwelo pamaso pa mboni, nanena momveka kuti akuwombola ziweto zawo chabe, koma mlandu ukadalipo. Patapita masiku adakhala pabwalo, mnyamatayo adavomera, ndipo zinthu zidakonzedwa. Makolo ankasiyanitsa kuwombola chinthu chogwidwa ndi kuvomera kulakwa. "Mlandu suwola," adatero mkuluyo kwa mdzukulu wake, "koma galimoto imawola, ndipo tomato amawola msanga kuposa zonse."

Usiku womwewo iye ndi mphwake adalemba kalata. Mphwakeyo ankafuna mawu amoto, koma mkuluyo adawachotsa onse, nati, "Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata." Kalatayo idafotokoza tsiku, nthawi ndi malo. Idanena kuti chikwangwani chidali chitagwa ndipo sichinkaoneka kwa woyendetsa galimoto, kuti mlendo amene ankamuchingamira sankatha kuyenda, ndiponso kuti mwini galimoto akulipira pofuna kuti galimoto yake imasulidwe, koma sakugwirizana ndi chilangocho. Pomalizira idapempha kuti nkhaniyo iunikidwenso ndi kuti yankho libwere lolembedwa. Mnyamata wa pachipata uja sadanenezedwe chilichonse, pakuti mkuluyo adati wotumidwa sasenzetsedwa mlandu wa amene adamutuma.

Lolemba m'mamawa adafika pa siteshoni. Mphwakeyo adajambula chikwangwani chogwacho pa foni yake chisanasunthidwe. Kenaka adapita ku ofesi yeniyeni, osati pachipata, ndipo mkuluyo adawerenga ndalama pamaso pa kalaliki, nadikira mpaka atalandira lisiti ya nambala ndi chidindo. Adapereka kalata ija, napempha kuti kope limene adatsala nalo alidindenso posonyeza kuti kalatayo yalandiridwa. Kalalikiyo adadabwa, koma adadinda. Galimoto idamasulidwa dzuwa lisanafike pamutu, batire lili momwemo. Kuti fizi ikwane, mkuluyo adagulitsa mbuzi imodzi ya m'khola mwake, ndipo anthu a m'mudzi adaitcha mbuzi ya mlandu.

Yankho lidabwera patatha pafupifupi miyezi iwiri. Lidali lalifupi komanso laulemu. Lidati malowo ndi oletsedwa kuimikapo magalimoto chifukwa ndi njira ya magalimoto onyamula katundu, kuti kugwa kwa chikwangwani sikuchotsa lamulo, ndiponso kuti ndalama siibwezedwa. Lidathokoza mkuluyo powadziwitsa za chikwangwanicho. Mphwake adapsa mtima. Adati yankholo likudzitsutsa lokha, pakuti likuvomereza kuti chikwangwani chidagwa koma likulangabe munthu amene sadachione, ndipo adafuna kuti nkhaniyo ipite kwa Ombudsman kapena ku khoti.

Apa mkuluyo adayenera kusankhanso, ndipo adasankha kulekera pomwepo. Sadatsutse kuti mphwakeyo akadatha kupambana. Adangowerenga maulendo, miyezi yodikira ndi mphamvu zake zimene zinkachepa, naona kuti mbuzi yachiwiri ikadatsatira yoyamba ija. Adanenanso kuti chimene ankachifuna kwenikweni adachipeza: adanena chatsitsa dzaye, mawu ake adalembedwa, ndipo ofesi imene poyamba inkangolamula idakakamizika kupereka chifukwa. "Kulamula vumbwe n'kulinga uli ndi nkhuku," adatero, potanthauza kuti munthu ayenera kudziwa kutalika kwa dzanja lake asanayambe nkhondo yaitali.

Pakhomopo sadagwirizane onse. Mayi wa pakhomo amanena kuti kalatayo idangotha pepala ndi tulo, popeza ndalama idapita ndithu. Mphwake amakhulupirira kuti amalume ake adatula katundu atatsala pang'ono kufika. Onse awiri ali ndi mfundo, ndipo palibe mwambi umene ungathetseretu mkangano wawo. Munthu wina wa mphamvu zake, wokhala pafupi ndi maofesi, akadachita bwino kupitiriza, pakuti malamulo amalimba pamene anthu akuwagwiritsa ntchito. Mayi wamasiye wosadziwa kulemba, wokhala kutali ndi msewu, mwina sakadatha ngakhale kulemba kalata yoyambayo, ndipo palibe akadamudzudzula.

Zimene adzukulu angatolepo pa nkhaniyi n'zogwirika. Choyamba n'chakuti njira sizikhala ziwiri zokha. Pakati pa kulipira mwakachetechete ndi kukana mouma khosi pali njira ya makolo yowombola chogwidwa uku ukunena poyera kuti mlandu sunathe. Njirayi imafuna mboni, ndipo mboni za masiku ano ndi lisiti ya chidindo, kope la kalata ndi chithunzi chojambulidwa nthawi yomweyo. Ndalama yoperekedwa m'manja mwa munthu popanda lisiti siwombola kanthu, imangomangirira wopereka ndi wolandira pa chingwe chimodzi. Paja mlandu sagula ndi chipanda cha mowa.

Chinanso n'chakuti asanapititse nkhani patsogolo, munthu adzifunse moona mtima chimene akufuna. Ngati ndi ndalama, awerenge bwino zimene adzaononge poitsata. Ngati ndi dzina lake kapena chitetezo cha anzake amene adzadutse pamalo pomwepo, mtengo wake ukhoza kukhala woyenera ngakhale ndalamayo isabwerere. Koma ngati ndi mkwiyo chabe, ayambe wagona kaye, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo asasankhe yekha. Mkulu wa ku Domasi adamva mkazi wake, mphwake, mlongo wake ndi mwana wa sukulu, ndipo nzeru idatulukira kwa wamng'ono pa onsewo. Makolo sadaname ponena kuti mutu umodzi susenza denga.

Bwalo la pansi pa kachere linali ndi zofooka zake. Nthawi zina linkakondera achuma, ndipo mawu a amayi ndi a achinyamata sankalemera mofanana ndi a amuna akuluakulu. Koma linkasunga chinthu chimodzi chimene maofesi a masiku ano ayenera kuchiphunzira, ndicho kumva munthu asanalangidwe. Wogonja pa bwalo lotere ankatha kuomba m'manja n'kupereka nkhuku yake mtima uli m'malo, chifukwa mudzi wonse udamva mbali yake. Adzukulu amene adzakhale m'maofesi, atagwira cholembera ndi chidindo, adzakumbukire kufunsa chatsitsa dzaye asanalembe pepala.